Dalaivala watsopano si dzala

Tchuthi chapitachi ndinakhala masiku asanu ku Lilongwe. Za kukwera kwa mitengo m'masitolo sindinena, mukuzidziwa kale. Nkhani yomwe ndabwerako nayo ndi ya thiraki ina yomwe ndinaipeza itaima kunja kwa mpanda wina ku Area 47, komanso ya mphwanga amene anapatsidwa makiyi ake.

Mphwangayu ndi chitsirizira m'banja mwathu. Sukulu anafika nayo Fomu 4, koma mtima wake unali pa chiwongolero kuyambira ali mwana. Anayamba ndi kukweza matumba a chimanga pa lole ya mavenda, kenaka n'kukhala wothandizira dalaivala, mpaka ine ndi achemwali athu tinasonkherana ndalama kuti akatenge laisensi ya galimoto zikuluzikulu ndi chiphaso chonyamulira katundu. Mapepala atakwana anatha chaka chathunthu akuzungulira m'mageti a ku Kanengo, yankho lili limodzimodzi: tikufuna wodziwa kale ntchito. Ndiye tsiku lomwe anandiimbira foni kuti, "Achimwene, zatheka, bwana wina wa ku 47 wandilemba," ndinakwera minibasi m'mawa mwake kuti ndikaone ndi maso anga.

Bwanayo si wa kampani yaikulu. Ali ndi mathiraki atatu, ofesi yake ndi khonde la nyumba yake, ndipo mabuku a ndalama amasunga ndi mayi a kunyumba kwawo. Eni galimoto otere alipo ambiri m'tauni, ndipo tiwayamikire, chifukwa ndi amene amayerekeza kupereka makiyi kwa mnyamata amene makampani akuluakulu amukana.

Thirakiyo kunja inali yotsukidwa bwino, utoto uli waliwali. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mphwanga atatsegula chitseko, fungo linatilandira tisanaponde n'komwe pokwerera. Pansi pa mipando panali mabotolo, ena opanda kanthu, ena okhala ndi zomwe sindingalembe m'nyuzi yomwe ana asukulu amawerenga. M'jumbo ina munali mkute wa nsima womera ndevu. Titatukula matiresi ogonapo dalaivala kuseri kwa mipando, mphemvu zinabalalika, ndipo m'misoko monse munali timadontho takuda. Aliyense amene anagonapo m'hositelo amadziwa kuti timadontho timeneto ndi siginecha ya nsikidzi.

Umenewo unali uve chabe. Za makina ine sindidziwa, ntchito yanga ndi choko, koma mphwanga anandizungulitsa galimoto yonse akuloza chimodzichimodzi. Galasi lakutsogolo linali ndi mng'alu wochoka kumwamba mpaka pakati, mbali ya dalaivala. Waipa imodzi inalibe mphira. Galasi loonera kumbuyo la kumanzere linali lomangidwa ndi mphira wa chubu. Lamba wa pampando sankagwira. Jeke munalibe. Chozimira moto chinalimo, koma singano yake itagona pofiira. Matayala awiri a kuthirela anali osalala ngati mutu wa dazi, ndipo la sipeya linkaonetsa mawaya. Pomaliza analiza injini mpaka mpweya wa mabuleki utadzaza, n'kuizimitsa, n'kuponda buleki. "Tayang'anani singano iyo, achimwene." Singano ija inkatsika ife tikuona, ndipo pansi pa galimoto pankamveka mpweya ukufwanthuka.

Ndinamufunsa ngati akana. Anaseka, koma kuseka kopanda chimwemwe.

"Achimwene, ndikakana, kunjaku kuli anzanga khumi akudikira makiyi omwewa. Bwana anena kuti ndinyamuke Lachitatu, ndikatenge feteleza ku Beira."

Mawu amenewa ndi amene andichititsa kulemba lero. Pali chizolowezi china m'dziko muno chomwe tachizolowera mpaka sitichionanso: wobwera kumene amapatsidwa zotsala. Ine nditangofika pasukulu yomwe ndikuphunzitsa, ndinapatsidwa nyumba yomwe aphunzitsi onse anaithawa, yodontha, mileme ili m'denga. Mwana wa Fomu 1 amakhalira desiki lothyoka mwendo. Sitidandaula, timati naye adzakula, adzasiyira ena. Koma nyumba yodontha imanyowetsa mwini wake yekha. Thiraki ya matani 30 yomwe mabuleki ake akutaya mpweya imayenda pamsewu wa tonsefe.

Eni galimoto ali ndi chifukwa chawo, ndipo si chopusa. Amati dalaivala watsopano amalakwitsa zambiri: amakhukhuza magiya, amawotcha kilatchi, amakwapula thirela pachipata pobwerera m'mbuyo. Ndiye nkumupatsiranji galimoto yatsopano? Pamenepo ndikuvomereza. Palibe amene akunena kuti mnyamata woyamba kumene apatsidwe thiraki yongotsika m'sitima dzulo. Mpatseni yakale. Koma galimoto yakale, galimoto yauve, ndi galimoto yosayenera kuyenda pamsewu ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo ife timaziphatikiza dala kuti tibisale kuseri kwa mawu oti "yakale". Ndaonapo malole a zaka makumi awiri ali aukhondo, mabuleki akugwira, nyali zonse zikuyaka. Ukalamba si mlandu. Mlandu ndi kulekerera.

Komanso tikaganiza bwino, chizolowezichi chinatembenuza zinthu chadodolido. Dalaivala wakale amaidziwa galimoto yodwala ngati mmene mayi amadziwira chifuwa cha mwana wake. Amamva phokoso lachilendo lisanakule, amadziwa giya yotsikira nayo pa Chiweta kuti asatenthetse mabuleki, amadziwa makaniko wodalirika ku Tete kapena ku Mbeya. Watsopano alibe zonsezi. Njira sakuidziwa, Chipwitikizi sakuchidziwa, ndipo ali ndi mantha kuimbira bwana kuti galimoto yafa, kuopa kuoneka wolephera paulendo woyamba. Munthu amene alibe luso lopulumukira ngozi ndi amene tikumupatsa galimoto yomwe ngozi ili kale m'kati mwake.

Ena adzati za ukhondo ndi zachibwana, mwamuna weniweni sadandaula nsikidzi. Amene amatero amagona pabedi lawo usiku uliwonse. Kwa dalaivala wa maulendo ataliatali, kachipinda ka kutsogolo kaja ndiye nyumba yake, khitchini yake ndi chipinda chake chogona. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Beira kudzera pachipata cha Dedza ndi makilomita pafupifupi 1,000. Wa ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe amaposa 1,500. Mtunda si vuto lalikulu. Vuto ndi kudikira. Munthu amatha masiku ali pamzere kudoko kapena pachipata, akugona momwemo, akudyera momwemo, kutentha kwa ku Tete kuli pamutu. Amene walumidwa ndi nsikidzi usiku wonse sagona, ndipo tulo lomwe sanagone usiku limadzamupeza masana ali pachiwongolero. Tulo silipempha chilolezo. Botolo lotayidwa pansi limatha kugubuduzika n'kukalowa kunsi kwa chopondera buleki. Ndipo injini yokutidwa ndi matope a mafuta sionetsa pomwe mafuta atsopano akudontha. Ukhondo wa galimoto ndi chiyambi cha kuiona bwino.

Pali nkhani inanso ya ndalama, yomwe anyamata ambiri amaizindikira mochedwa. Lamulo lathu la ntchito, Employment Act ya 2000, limaletsa bwana kulipiritsa wantchito chindapusa, koma limamulola kudula malipiro pofuna kubweza katundu amene wantchitoyo waononga. Tsono funso n'lakuti: ndani waononga? Ngati tsiku lopereka makiyi panalibe cholembedwa chilichonse, mng'alu wa pagalasi uja, jeke yosowa ija, tayala lophulika lija, zonse zimagwera amene ali ndi makiyi lero. Amene anaononga anapita kalekale. Kutha kwa mwezi mnyamata amapeza malipiro ake atadyedwa ndi milandu ya munthu amene sanamuonepo nkhope.

Pamsewu ndi chimodzimodzi. Lamulo la zapamsewu, Road Traffic Act ya 1997, sililola kuyendetsa galimoto yosayenera kuyenda. Koma apolisi akaimitsa thiraki pa rodibuloko, amene amatsika ndi dalaivala, osati mwini wake. Nyali ya kumbuyo ikapanda kuyaka, ndalama yomwe imayamba kutuluka ndi ya kamba wa dalaivala, ndipo kubwezeredwa kwake n'kwamwayi. Mwini galimoto amaloza pepala la COF lomata pagalasi n'kumati a Road Traffic anaiona. Inde anaiona, koma anaiona tsiku lomwelo. Pepala limanena za mmene galimoto inalili pa tsiku loyesedwa. Silinena za tayala lomwe latha miyezi itatu pambuyo pake. Ndiponso palibe woyesa galimoto amene amatukula matiresi.

Ndiye tinachita chiyani? Mphunzitsi sayenda wopanda cholembera. Ndinang'amba pepala pakati pa kope, mphwanga akutchula, ine ndikulemba. Zinakwana 17. Chilichonse anachijambula ndi foni n'kunditumizira pa WhatsApp kuti tsiku ndi nthawi zisungike. Tinalembanso makilomita omwe galimoto inali itayenda ndi mlingo wa dizilo m'thanki. Kenaka tinagogoda pageti.

Kunena zoona, miyendo inkandinjenjemera, chifukwa ntchito yomwe ndinkaiika pachiswe sinali yanga. Bwanayo anawerenga pepala lija ali chiimire, nkhope ikusintha.

"Kodi ndalemba dalaivala kapena loya? Nanga inu ndinu ndani?"

"Ndine mkulu wake, bwana. Ndine mphunzitsi chabe. Sitinabwere kudzakangana, tabwera kuti galimoto yanu ipite ndi kubwerako."

"Inu aphunzitsi, mumadziwa mtengo wa tayala limodzi la thiraki?"

Ndinavomera kuti sindidziwa. Anatiuza kuti tikhale pansi, ndipo kwa theka la ola anatikhuthulira zake. Zipangizo zonse za galimoto zimachokera kunja, madola savuta pang'ono kuwapeza, ndipo chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chinakwera, pomwe eni katundu safuna kuwonjezera mtengo wonyamulira ndipo amalipira mochedwa. Za dalaivala wakale anati anasiya galimoto pageti usiku, makiyi n'kupatsa mlonda, foni n'kuzimitsa. Jeke inapita naye. Bwanayo anavomera kuti chichokereni munthuyo, iye anali asanakwere m'galimotomo. Anangotuma anyamata kuti aitsuke kunja.

Apa ndinaphunzira kanthu. Ndinapita ndili ndi chithunzi cha bwana wankhanza, ndinapeza munthu wopanikizika amene sankadziwa n'komwe zomwe zili m'galimoto yake. Si nkhanza zokha zomwe zimapha anthu pamsewu. Kusakwera masitepe atatu n'kusuzumira m'kati nakonso kumapha.

Mphwanga, amene nthawi yonseyi anali chete, anangonena mawu ochepa. "Bwana, zinazi ndipirira. Koma mabuleki ndi matayala, ndikuopa kukutayirani galimoto ndi katundu wa eni ake." Mawu amenewa ndi amene analowa. Sananene za moyo wake, ananena za chuma cha bwana, ndipo zinandiwawa kuti mnyamata wa zaka 26 akudziwa kale chomwe chimamveka msanga m'makutu a olemba ntchito.

Ulendo unasunthidwa kufika Lachisanu. Makaniko anabwera, napeza paipi ya mpweya yobooka, kanthu kotchipa kuyerekeza ndi zomwe kakanachita. Matayala awiri anasinthidwa ndi ena ogwiritsidwapo kale ntchito koma okhala ndi mano. Chozimira moto chinadzazidwa, lamba anakonzedwa, mphira wa waipa unagulidwa, jeke anabwereka ku thiraki inzake. Galasi lakutsogolo ndi la kumanzere anati zidikire. Pepala lija anasaina, monyinyirika, ndipo tinakalichulukitsa kuti aliyense akhale ndi lake. Za ukhondo anati zimenezo ndi za dalaivala. Matiresi ndinakagula ine ku Old Town ndi ndalama yomwe ndinasungira mbewu. Akale aja tinawatentha. Tsiku lonse Lachinayi tinakhalira kutulutsa zinyalala, kuthira madzi owira m'ming'alu, kupopera mankhwala ndi kutsuka ndi sopo, anthu odutsa akuyesa ndife aganyu.

Mwezi utatha mphwanga anandiimbira. Powerengera malipiro, mayi a kunyumba aja anali atalemba kuti adule ndalama ya jeke ndi ya galasi la kumanzere. Sanachite mwachinyengo, anangoona kuti zinthu palibe, ndipo dalaivala ndi uyu. Mphwanga anatulutsa pepala la m'kope lija, siginecha ya amuna awo ili pansi. Nkhani inathera pomwepo. Galasi lakutsogolo, pomwe ndikulemba pano, likadali ndi mng'alu wake.

Sindikusimba izi kuti mundiwombere m'manja. Zikanatha kuipa. Bwana wina akanang'amba pepalalo n'kuitana mnyamata wotsatira, ndipo lero ndikanakhala ndikulemba za mmene ndinachotsetsera mphwanga ntchito. N'chifukwa chake nkhani yotere siyenera kudalira kulimba mtima kwa mnyamata wosowa, kapena mwayi woti ali ndi mkulu wake wa cholembera m'thumba. Iyenera kukhala mwambo wa ntchitoyi.

Kwa eni mathiraki ndikuti: musapereke makiyi pakhonde. Pitani ndi dalaivala pagalimoto, muizungulire limodzi, mukwere m'kati, mulembe zomwe mwapeza, musaine nonse awiri. Pepalalo likutetezani inunso, chifukwa tsiku lomwe dalaivalayo adzachoke mudzakhala ndi poyambira pofunsa za jeke yanu. Ndipo pakhale zinthu zomwe sizikambirana: mabuleki osataya mpweya, matayala a mano pamodzi ndi la sipeya, chiwongolero chosasewera, nyali ndi zonyezimira zonse, magalasi oonera kumbuyo, mawaipa, lamba, jeke ndi sipanala yake, chozimira moto chodzaza, zizindikiro zoika pamsewu galimoto ikafa, ndi mapepala osatha ntchito. Tatopa kuona nthambi za mitengo zitayalidwa pa M1 m'malo mwa zizindikiro, anthu n'kumawomba thiraki yakufa usiku. Pamwamba pa izi, kachipinda ka dalaivala katsukidwe ndi kupoperedwa mankhwala wina asanalowemo, ndipo matiresi akhale oti inuyo mungagonepo. Mtengo wa zonse za ukhondozi sufika ngakhale pa tayala limodzi lomwe munandifunsa lija.

Kwa madalaivala akale ndili ndi mawu owawa pang'ono. Uve womwe tinaupeza sunasiyidwe ndi bwana. Unasiyidwa ndi dalaivala mnzanu. Mwina anachoka atakwiya, mwina sanalipidwe, sindikudziwa mlandu wawo. Koma mkwiyo wake sunafike kwa bwana. Unagwera mnyamata amene sanamulakwire. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: galimoto yomwe mudzalandire kwina nayonso ikuchokera m'manja mwa wina. Mukamachoka, sesani, ndipo muuzeni wobwerayo matenda a galimotoyo. Kumuuza kuti giya yachitatu imadumpha sikukuchotserani kanthu.

Kwa mabungwe a madalaivala: mu September 2021 mutaimitsa mathiraki, dziko lonse linaona mphamvu zanu pomwe mizere inayamba kutalika pamalo omwetsera mafuta. Munkamenyera malipiro ndi zina, ndipo zinali zoyenera. Koma malipiro abwino amathandiza amene wabwerako wamoyo. Konzani fomu imodzi yosavuta, ya m'Chichewa ndi m'Chingerezi, yolandirira ndi kuperekera galimoto, muigawe kwa mamembala anu, ndipo muikambirane ndi mabungwe a eni mathiraki kuti ikhale yodziwika kulikonse. Mnyamata akatulutsa fomu ya bungwe sangafunsidwe ngati ndi loya. Nazo sukulu zophunzitsa kuyendetsa galimoto zisamangophunzitsa kubwerera m'mbuyo pakati pa migolo. Ziphunzitse kulandira galimoto.

Ndipo kwa iwe mnyamata amene uli ndi laisensi m'thumba ndipo ukudikira foni, ndikudziwa njala ya ntchito. Sindikuuza kuti ukane galimoto chifukwa cha utoto wosupuka kapena wailesi yosalira. Pirira zopiririka. Koma safunsa anadya phula. Zungulira galimoto, jambula, lemba, tumizira wachibale zithunzizo tsiku lomwelo. Lankhula mwaulemu, koma pa mabuleki ndi matayala usagonje. Ntchito ikakutayika udzafuna ina. Amayi ako alibe mwana wina wa sipeya.

Mwina mukudabwa kuti mphunzitsi wa kumudzi zamathiraki zamukhudza bwanji, kupatula za mphwake. Ana omwe ndimawaphunzitsa, ambiri amayenda m'mphepete mwa msewu waukulu m'mawa ndi madzulo, ena pa njinga, ena wapansi, mathiraki akuwapitirira pafupi mpaka mphepo yake kuwakupiza mayunifolomu. Kale ndinkangoona galimoto zikuluzikulu zikudutsa. Chibwerereni ku Area 47, iliyonse ikamadutsa ndimadzifunsa kuti amene ali pachiwongoleroyo wagona bwanji usiku wathawu, ndipo singano ya mpweya ija ili pati.

Dzulo usiku mphwanga anatumiza uthenga ali ku Tete, paulendo wake wachinayi. Anati kukutentha koopsa, koma akugona bwino. Ndamuuza kuti akafika akumbutsenso bwana za galasi lija.